Chisa cha Kabawi mu Bulugamu

Kodi ndani ankatha anapiye a bambo Chitemwa ku Area 47? Eni ake mlandu anali ataugamula kale: akabawi amene anamanga chisa mu bulugamu wa kuseri kwa nyumba. Anaitana a Iddi, odula mitengo a ku Old Town, amene anayamba akwera kaye kukaona pomanga chingwe.

"Mwaziona mbavazo?" anafunsa a Chitemwa, a Iddi atatsika.

"Mbava sindinazione, bwana. Ndaona kabawi wamkazi akufungatira mazira awiri."

"Iye, mwamuna wake, ndi mazirawo: mbava zinayi! Gwetsani mtengo."

"Mazira sangabe, bwana. Sanaswe."

"Nanga akaswa azidya chiyani? Mpunga?"

"Iyayi, zomwe akudya mayi wawo. Wamkaziyo sakuchoka pamazira, wamwamuna ndiye akumusakira. Ndili pomwepo wabwera ndi khoswe, n'kumupatsira pakamwa. Banja labwino, bwana."

"Sindinakuitaneni kuti mukhale ankhoswe awo!" A Chitemwa anamenya pansi ndi ndodo. "Anapiye anga anali khumi ndi awiri, atsala asanu. Ndinachita kuwapaka jivi, mankhwala a zilonda aja, kuti akhale a pepo, kabawi asawazindikire."

"Ndiye jiviyo wagwira ntchito. M'chisamo muli mafupa a makoswe ndi michira ya abuluzi basi. Nthenga ya pepo mulibe ngakhale imodzi."

"Aaa, amameza ndi nthenga zomwe!"

"Ayi, kabawi amayamba wasosola." A Iddi anasasa makungwa pamalaya. "Nthenga za pepozo ndaziona, koma kwina."

"Kuti?"

"Padenga la galaja yanu. Mulu ndithu."

"Ndiye bwanji osanena?"

"Munafunsa za m'chisa, bwana."

"Ehe! Ndiye kuti akudyera padenga panga! Chipongwe chenicheni. Tengani nkhwangwa, lero lomwe lino ugwe!"

A Iddi ananyamula nkhwangwa, kenako anaima.

"Pepani bwana, ndingofunsako. Kabawi amavala belu m'khosi?"

"Belu? Mwapenga kodi?"

"Chifukwa amene ndamuona akutsika padengapo wavala belu. Panopa wagona pampando wanu."

A Chitemwa anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana pakhonde. Wakutha anapiye anali mphaka wawo yemwe, amene amagona kumiyendo kwa bedi lawo, ndipo ndevu zake zonse zinali za pepo.