Mbiri ya a Tepi, telala wopalasa bwato

Abale ndi alongo, amene tikuwaperekeza lero ndi mayi athu aakulu, omwe ambiri mumawadziwa ndi dzina lakuti a Tepi, chifukwa tepi yoyezera zovala sinkachoka m'khosi mwawo, ngakhale kutchalitchi. Ine ndine mwana wa mng'ono wawo. A Tepi anabadwa mu 1957, m'kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa siteshoni ya sitima, ndipo anali oyamba kubadwa m'banja la ana atatu.

Sukulu anailekezera ku pulayimale bambo awo atamwalira ndi matenda a shuga. Anaphunzira kusoka kwa mayi wina woyandikana nawo, ndipo ndi ntchito imeneyi analera mlongo wawo ndi mayi anga. Mu 1979 anakwatiwa ndi dalaivala wa basi, munthu wofatsa amene anatisiya mu 2011. Anadalitsidwa ndi ana atatu. Pa mpingo ankaimba kwaya. Za mawu awo sitinena zambiri pano, koma yunifolomu iliyonse mukuiona apoyo inadutsa m'manja mwawo.

Shuga uja sanachoke pakhomo pathu. Anatenganso amalume asanakwanitse zaka makumi asanu, kenako anawapeza a Tepi, pamodzi ndi kuthamanga kwa magazi. Dokotala anawauza mosabisa kuti akapitiriza kuswera pa makina tsiku lonse, awatsatira mlongo wawo posachedwa. Anawalangiza kuti azipalasa. Iye ankanena njinga. Mayi aakulu, amene chibadwire anali asanakwerepo njinga, anapita kudamu kumene ankaona anthu m'mabwato aatali, nakalembetsa ku kalabu ya opalasa bwato, kusambira komwe asakudziwa.

Atabwerera kuchipatala, dokotala anafunsa za njinga ija. Iwo anati, "Njinga yake iti? Munati ndizipalasa. Simunanene kuti ndizipalasa chiyani." Poona kuti shuga watsika, dokotala anangowauza kuti apitirize.

Ankapalasa ndi amayi ena atatu: namwino wopuma pa ntchito, mwini saluni, ndi mphunzitsi wamkulu amene ankakhala kumbuyo kwawo. Malemu ankati m'bwato ndi mokhamo m'mene munthu angafulatire mphunzitsi wamkulu popanda mlandu. Poyamba m'manja munatuluka matuza mpaka kulephera kulowetsa ulusi pa singano, ndipo anamwa madzi a m'damu osawerengeka asanadziwe kusambira. Koma msana umene unapindika ndi makina unawongoka, tulo tinabwerera, ndipo masitepe a kushopu kwawo ankawakwera akukalipira kasitomala osapumira panjira. Ife a m'banja tinkaseka. Amene ankaseka kwambiri ndi mayi anga, omwe ankati munthu wa zidzukulu sasewera pamadzi ngati bakha.

Chaka chatha shuga anapezekanso mwa mayi anga. A Tepi anawanyengerera, anawakalipira, mpaka kuwasokera kabudula wa masewera. Mayi anangomuponya m'sutikesi, nabwerera pa mpando wawo wa pakhonde.

Shuga amene malemu ankamuopa sanapeze mpata. Chimene chinawagwetsa ndi khansa. Anagonekedwa m'chipatala mwezi watha. Anzawo a ku kalabu atabwera kudzawaona, anadandaula kuti bwato la anthu anayi likasowa mmodzi limangozungulira pamodzimodzi. Malemu anayang'ana mng'ono wawo nati, "Iwe, ndinakulera osakupempha kanthu. Lero ndikupempha, ukakhale pamalo pangapo. Usanditsatire msanga, tingakayambanenso kumeneko." Malemu anatisiya Lachiwiri m'mawa.

Dzulo mayi anandituma kuti ndinene izi pano, nonse mukumva, kuti mawa asadzakane: za maliro zikatha, nkhafi yopalasira ya achemwali awo akaitenga. Inu anzawo a malemu konzekeranitu. Kusambira sadziwa, ndipo kuuzidwa zochita sakonda.

Malemu asiya ana aakazi awiri, wamwamuna mmodzi, zidzukulu zisanu ndi chimodzi, mng'ono wawo, ndi ife ana a abale awo, amene tinakula tikuvala zosokedwa ndi iwo, zambiri zazikulu dala kuti tizikula nazo.

Mayi athu aakulu apumule mu mtendere.