Mbiri ya mayi Falesi Kalinde, amene anayamwa bere langa

Malemu anabadwa pa 3 Febuluwale 1949 konkuno ku Mbulumbuzi, chaka cha njala ija tinkakumba zitsa za nthochi. Mayi awo, akulu anga a Ellina, anatisiya mwana ali ndi milungu itatu. Ine Eneless, mayi awo aang'ono, ndinali ndi khanda langa Timoti, ndiye ndinangowagawira: bere lamanja la Timoti, lamanzere la malemuwa. Mpaka lero lamanzere ndi lalitali.

Sukulu anayamba mu 1957 nalekezera Sitandade 5, kundiposa ine amene ndinathawa ku Sabu B nditaona chikwapu. Ndiye ndikamapunthwa powerenga musaseke, ano ndi maliro.

Mu 1968 anakwatiwa ndi bambo Bernard Kalinde, amene ankasambitsa ng'ombe ku dibi ku Mikolongwe mwakhama kuposa mmene ankasambira eni ake. Malemu anagulitsa nandolo pamsika wa Namadzi zaka makumi awiri, ndipo mbale yawo yoyezera sinali yokhomedwa kunsi ngati za ena mwakhala apa.

Mu Novembala 1992 anayamba kutentha thupi. Khungu linafiira, kuyabwa kosagona nako, mwanabere m'khosi ndi m'khwapa momwe. Munayamba kunong'ona za matenda atsopanowa. Ndinakumvani, makutu angawa ndi okalamba koma si akufa.

Mu Januwale 1993 anagonekedwa ku chipatala chachikulu ku Blantyre. Adokotala anatumiza magazi kunja, ndipo yankho linabwera loti si Edzi. Inali khansa ya m'magazi yoyamba ndi kachilombo kena, kamene kamagona m'thupi zaka zambirimbiri osadziwika. Anatifotokozera kuti m'magazi muli asilikali amene amakuwirana kukabwera mdani, ngati mudzi ukaona wakuba. Mwa malemu mfuuyo sinkatha. Asilikali ankangoitanana, kuchulukana, mpaka kupondaponda munda wawo womwe. Kutentha ndi kuyabwa kuja linali phokoso limenelo.

Kenako adokotala anafunsa amene anayamwitsa malemu, chifukwa kachilomboka kamakonda kudutsira mu mkaka wa m'mawere. Onse anatembenukira kwa ine. Inu mumandidziwa, ndinaseketsapo anthu ngakhale pa maliro a amuna anga. Koma tsiku limenelo ndinangokweza dzanja n'kunena kuti ndine. Adokotala anandilimbitsa mtima kuti mwina sikanachokere kwa ine, ndiponso kuti ambiri amakalamba nako osadwala. Koma popanda kuyeza palibe angadziwe.

Malemu anatisiya pa 14 Meyi 1993 ali ndi zaka 44.

Asiya amuna awo, ana atatu, Easter, Chisoni ndi Elsie, onse oyamwa bere lawo, ndi zidzukulu ziwiri. Kamng'onoko ndi ako kali pabere la Easter pomwe ndikulankhula pano. Ndikamva kakumeza, ndimakumbukira mawu a adokotala aja.

Ndiye tamverani. Pa njala ija sindinayamwitse awiri okha. Timoti, dzuka anthu akuone. A Rafaeli, lero ndinu mkulu wa mpingo wa ndevu zanu, koma munayamwa miyezi isanu ndipo munkaluma. A Dainess, musabisale kuseri kwa chitenje. Adokotala anati tibwere tonse, ndi ana a malemu omwe. Lolemba m'mawa ndikakhala pa siteji ya Namadzi. Jekeseni ndimamuopa kuposa njoka, koma mkono woyamba ukakhala wanga. Akakapeza kuti ndine, mudzandiuze pamaso, osati kumbali.

Tikuthokoza amayi a Mvano amene ankachapa zofunda pamene ena ankaopa kuzigwira, anzawo a pamsika, adzukulu okumba manda, ndi a mfumu potipatsa malo.

A Falesi mwana wanga, ndinakupatsani chimene ndinali nacho kuti musafe ndi njala. Ngati munali china m'menemo, sindinkadziwa. Phokoso lija latha tsopano. Gonani mwabata, mzimu wanu uuse mumtendere.