Mapa a Dambo ndi Mboni Yosadya

Lachitatu pa 9 Julyu 2025, m'nyumba yosungiramo mbewu ya kachewere ku Ntengo-Wambalame, Ernestina, tekinika woyeza malo, anayala pameza mapa a dambo la Mtsukwa. Mapawo anayenera kufika ku boma la Tsangano Lachisanu ali ndi chidindo cha bungwe la alimi, apo ayi madimba a mabanja 37 akanatsala kunja kwa kalembera wa malo wa chaka chimenecho. Chidindocho chinali m'thumba la a António, pulezidenti wa bungwelo, ndipo dzanja lawo linali m'thumba momwemo.

A António anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Mtsinje unali pamalo pake, mlatho pamalo pake. Chimene sanachione ndi kachizindikiro kamene kankakhala m'munsi mwa mapa a zaka zam'mbuyo. Ernestina anafotokoza kuti kachizindikiroko kanali ka pulogalama ya pakompyuta yolipira yojambulira mapa, imene pulojekiti ina yothandiza alimi inkawalipirira. Pulojekitiyo inatseka, lisensa, chilolezo choigwiritsira ntchito, inatha pa 30 Junyu, ndipo kuyambira pa 1 Julyu pulogalamayo siikutsegukanso. Mapa atsopanowa anawajambula ndi pulogalama ina, yaulere, pogwiritsa ntchito madontho 212 omwewo amene anayeza m'dambomo chaka chatha.

"Yaulere," anatero a António.

"Yaulere."

"Anakupatsani ndani?"

"Palibe. Ndinatenga pa intaneti."

"Munapempha kwa yani?"

"Sapempha."

"Ndiye munaba."

"Ayi, bambo. Eni ake analemba kuti aliyense atenge."

A António anakhala zaka zisanu ndi chimodzi mumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, n'kubwerera mu 1993, choncho zinthu zaulere ankazidziwa bwino. Anati zimabwera ndi mzere, zimafuna kapepala, ndipo zimatha tsiku limene sunauzidwe. Ernestina anayankha kuti iyi ilibe mzere, siifuna kapepala, ndipo imene yatha ndi yolipira ija. Mumtima anaona kuti mfundoyo yagwa pabwino. A António anati yolipirayo inatha pa tsiku limene inalonjeza, ndipo umenewo ndiwo ulemu.

Kenaka analoza ndi chibwano kutsidya kwa mtsinje, kumene kunali munda wa a Caetano, amene akhala akukangana nawo za malire kuyambira 1998.

"A Caetano angathe kukhala nayo?"

"Angathe."

"Yomweyi?"

"Yomweyi."

"N'kuisuzumira m'mimba?"

"Aliyense angathe kuona mmene inapangidwira."

"N'kusintha?"

Ernestina anadziwa kuti pali yankho lofulumiza ntchito ndiponso yankho loona, koma loyambalo anali asanaliperekepo chibadwire.

"Angasinthe."

A António anakhala pansi pa thumba la mbewu.

Ernestina anawonjezera msanga kuti a Caetano angasinthe yawo yokha ya m'nyumba mwawo, kuti kusintha kusanalowe mwa anthu onse ena amayamba akuunika, ndiponso kuti akanayenera kuphunzira ntchitoyo zaka zingapo. A António anati a Caetano ndi munthu wodekha: anadikira zaka zisanu ndi zinayi kuti mtengo wa m'malire uume.

Mafanizo sanali mbali ya Ernestina, koma anayesa limodzi. Anati malire ali m'madontho aja, pulogalama ndi chida chabe, ngati khasu.

"Malire onse amene anasuntha ku Mtsukwa," anatero a António, "anasuntha ndi khasu."

Apa Ernestina anasiya mafanizo. Anatenga mapa a 2024, ojambulidwa ndi pulogalama yolipira, anawasanjika pa atsopanowo, n'kuwagwirizira pa galasi la zenera kuti dzuwa lipyoze. Mizere inagonerana ndendende. Mahekitala 64 uku, 64 uku. A António anavala magalasi, anatsatira mzerewo ndi chala kuyambira pa mlatho mpaka pa chulu, ndipo anavomera kuti ndi umodzi.

"Ndiye mudinda?"

"Mzere sindikuutsutsa, a Tekinika. Ndikufunsa amene adzauimire."

Anafotokoza pang'onopang'ono, ngati akuuza mlendo njira. Ku Mtsukwa malire sagwira chifukwa cha mzere. Amagwira chifukwa cha mboni, ndipo mboni imadya. Tsiku loyenda malire amapha nkhuku, mboni imadya ntchafu mabanja onse awiri akuona, ndipo kuyambira pamenepo singanene kuti yaiwala. Pulogalama yolipira ija inadya zaka zitatu.

"Inadya ndalama za pulojekiti."

"Kudya n'kudya."

"Koma pa mlandu sidzabwera. Zinalembedwa m'pangano lake, tsamba 14, kuti siyankha za malire a munthu."

"Nanga yanuyi idzabwera?"

"Nayonso ayi. Analembanso, ndi zilembo zikuluzikulu."

"Ndiye zonse ziwiri sizibwera."

"Zonse ziwiri."

"Koma ija inadya."

Ernestina anayang'ana nthawi. Inali itadutsa 11. Anaganiza za shapa ya Lachisanu, minibasi yopita ku boma imene imanyamuka dzuwa lisanatenthe, ndiponso za mayi Rosalina, msungi wa nyumbayo, amene panthawiyo ankasankha mbewu panja ndipo dimba lawo linali nambala 22 pa mapawo.

A António sanali munthu wouma mtima. Anati ngati vuto ndi loti yaulereyo sinadye, idyetsedwe. Anafunsa kuti amene anaipanga ndi angati.

"Mazana angapo."

"Mudzi umodzi?"

"Mayiko ambiri."

"Nkhuku ili ndi ntchafu ziwiri."

"Ndi zoona."

A António anafunsa za wamkulu wawo. Ernestina anati ali ndi komiti yosankhidwa. Izi zinawakhazika mtima pansi pang'ono a António, chifukwa komiti ankaidziwa. Anapereka ganizo loti bungwe litumize thumba limodzi la kachewere wabwino, wosasakaniza ndi wanthongo, komitiyo idye m'malo mwa anzawo, ijambulitse chithunzi ikudya. Ernestina anati mphatso amalandira, koma kudzera ku banku, ndipo kachewere sangadutse kumeneko. Anawonjezera kuti ngakhale akanadutsa, sakanafika Lachisanu lisanakwane.

"Anthu okana chakudya," anatero a António, "amakhala akudziwa chimene anachita."

"Sanakane. Sanafunsidwe."

"Afunseni."

"Ayankha mwina sabata yamawa."

"Ndiye tidinda sabata yamawa."

Panja mayi Rosalina anasiya kusankha mbewu. Ernestina anamva kusiyako.

A António anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya malaya. Ankafuna kumvetsa chinthu chimodzi chokha, anatero: anthu mazanawo, amene salipidwa, sadyetsedwa, sadziwana, munthu amachita chiyani kuti awerengedwe m'gulu lawo? Ernestina anati ena amalemba pulogalamayo, ena amakonza zolakwika, ena amamasulira mawu ake m'zilankhulo zina.

"Mumamudziwako ndi mmodzi yemwe?"

Ernestina anakonza mapepala amene anali okonzeka kale.

"A Tekinika, ndafunsa."

"Mu Marsu 2023 ndinapeza mawu atatu a Chipwitikizi olakwika. Ndinawakonza, n'kutumiza."

"Analandira?"

"Analandira."

"Dzina lanu analemba?"

"Lili pa mndandanda wa omasulira."

"Ndiye mwini wake ndinu."

"Ayi, bambo. Ndine mmodzi mwa mazana, pa mawu atatu basi."

"Mawu atatuwo akadalimo?"

"Akadalimo."

"M'mene munkajambula mapawa analimo?"

"Analimo."

Dzanja la a António linatuluka m'thumba. Anauzira mpweya pa chidindocho, anadinda makope onse atatu a mapa atsopanowo, n'kusaina lililonse ndi tsiku lake. Kenaka anapita pakhomo kukauza mayi Rosalina kuti agwire nkhuku yofiira ija, aitanenso aliyense amene ali pafupi m'madimba, ngakhale a Caetano, chifukwa mboni yapezeka ndipo inali m'nyumba momwemo chiyambire m'mawa.

Ernestina anaika mapawo m'chikwama n'kutseka. Kwa nthawi yoyamba kuyambira pa 1 Julyu anapuma bwino. Mabanja 37 tsopano anali oti alowa m'kalembera, ndipo ntchafu ya nkhuku sinali chinthu choti munthu adandaule nacho.

Podikira, a António anaona kuti ndi bwino kufotokoza ntchito ya mboni. Mboni imabwera ikaitanidwa, kaya kuli mvula kaya kulibe. Imayenda malire chaka chilichonse anthu asanabzale. Imabwera pakagwa maliro a mwini dimba, pogawa malo kwa ana, komanso mtsinje ukasintha njira, zimene ku Mtsukwa zimachitika pafupifupi dzinja lililonse. Dimba lililonse lili ndi mbali zinayi. Ernestina sanafune kuwerengera, koma mutu wake unawerengera wokha: 148.

Ernestina anati ayenera kunena zoona zake: mu Janeru akusamutsidwira ku Furancungo, ku Macanga, ndipo kalata yake yatuluka kale.

A António anati palibe vuto, msewu ulipo. Mboni imene inadya ntchafu mu 1994 inasamukira ku Chidzolomondo, ndipo ankakaitenga chaka ndi chaka mpaka 2011. Ulendo womaliza anaimangirira ndi nsalu kumbuyo kwa wanjinga yamoto kuti isagwe, ndipo inaloza malire bwinobwino.

"Mpaka liti, bambo?"

"Zimenezo mukudziwa ndinu. Lisensa ya yaulereyi imatha liti?"

"Siitha."

"Pronto. Ndiye basi."

Kuseri kwa nyumba nkhuku inalira kawiri, kenaka zii. Anthu anali atayamba kukwera kuchokera kumadimba, makasu pamapewa, ndipo patsogolo pawo panali a Caetano, chisoti m'manja, ndi nkhope ya munthu amene ali kale ndi funso.

Ernestina anawawerenga mmodzimmodzi, kenaka anatembenukira kwa a António.

"A Pulezidenti," anatero motsitsa mawu, "yolipira ija, bwanji tifunseko mtengo wake?"