Madzi anaboola pamene timadutsitsa ngolo

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine mayi wa mwana mmodzi, ndimakhala kumunsi kwa Kasakula. Ndikufuna ndikuuzeni mmene Mulungu anatichotsera pa njira ya madzi.

Nyumba yathu inali kuseri kwa mtunda wautali wa mchenga umene umatchinga mtsinje kuti usalowe kudambo. Dzinja lina mtsinje unaboola mtundawo chakumtunda, nʼkugwetsa nyumba ziwiri za anzathu. Bambo a mwana anali ku esiteti ku Kasungu. Ine sindinalire, ngakhale mantha sindinawamve. Ndinkangodzuka, kusesa, kuyamwitsa, basi. Popemphera ndinkagwada koma mawu osabwera.

Chilimwe chitafika, mudzi wonse unathira matumba a mchenga pamene panabookapo. Tonse tinati zatha. Mchengawo tinkautenga kumtsinje komweko pa ngolo, ndipo ngoloyo inkakwera mtundawo moyangʼanana ndi khomo langa, poti ndi pamene panali pafupi.

Tsiku lina kunabwera alangizi a zaulimi, mayi wachikulire ndithu, atabwerera za madimba. Ataona mtundawo anapempha chingwe ndi mtengo wautali. Anayenda nawo wonse, kuyeza kutalika ndi kupingasa kwake, kuona pamene pali bango ndi pamene palibe. Ine ndinkawagwirira chingwe, mwana ali kumbuyo. Atafika panjira ya ngolo anayeza kawiri, kenako anayangʼana nyumba yanga.

"Mayi, pomwe mwatsekapo palimba. Koma apa ngolo yadya, patsika mpaka mʼchiuno, bango lafa. Madzi adzalowera pano, ndipo oyamba kuwalandira ndinu."

Ndinangoti chabwino. Anandifunsa ngati ndamva, ndinati ndamva. Anaona okha kuti palibe chimene ndichite, ndiye anakauza amayi a kumpingo. Amayiwo anabwera Lachinayi, osandifunsa zambiri. Anasasula denga, kusenza mitengo ndi chitseko, amuna awo nʼkutimangira kanyumba kuphiri pafupi ndi apongozi.

Mu Febuluwale, masana, mtsinje unadzaza. Ndinaima kuphiri ndikuona madzi akulowa panjira ya ngolo ija, pangʼonopangʼono, kenako onse. Makoma a nyumba yathu yakale ija anakhala pansi. Mwana anali mtulo kumsana kwanga, wouma.

Mpaka lero misozi sinabwere, ndipo sindinama kuti ndikusangalala. Koma ndikuthokoza Mulungu, chifukwa pemphero lopanda mawu lija analimva. Inu amene mtima wanu wachita dzanzi, gwadanibe. Ndipo wina akabwera kudzakuthandizani, mtsegulireni.