Makina Owazira Nkhuni a Baldomero Cárcamo

Mwana wanga wa zaka zitatu ali pabwalo pomwe akuliza makina omwe anathyola mkono wa bambo ake, ndipo geti alitseka ndi loko. Ndayamba ndi zimenezi dala, bwana wapolisi, moni ndikupatsani pambuyo.

Ine, Yasna Millacura Barría, wa zaka 23, wa m'mudzi wa Tenaún, ndimagwira ntchito yosenda nkhono za m'nyanja ku fakitale. Amuna anga ndi Erwin Cárcamo, mwana wathu ndi Maite. Timakhala mpanda umodzi ndi apongozi anga, mayi Edelmira, komanso mlamu wanga Baldomero, mkulu wake wa Erwin.

Mu Epulo msana wa Erwin unayamba kuvuta, nkhwangwa sankaithanso, kuzizira kukubwera. Tinagwirizana zogula makina owazira nkhuni. Nkhuni zathu si zamalonda, ndi za mbaula imodzi basi, timawaza kawiri kapena katatu pachaka. Loweruka lina tinakwera basi kupita ku Castro. Baldomero anatitsatira popanda womuitana.

Wogulitsa m'sitolo anationetsa makina aang'ono amagetsi. Amayenda pokhapokha manja onse awiri atagwira zogwirira, mukachotsa limodzi amaima pomwepo. Ine ndinati titenge amenewo, pakhomo pali mwana. Baldomero anaseka nati, "Mlamu, amenewa ndi owazira machesi. Iwe Erwin, ukufuna Tenaún yense azinena kuti kwanu mumawaza nkhuni ndi chidole? Ndikupangira ine zachimuna." Erwin anatsatira mkulu wake. Tinatuluka ndi chitsulo chokha, chosongoka, cha mazinga ngati sikuluwu, chachikulu ngati botolo.

Baldomero anawotcherera chitsulocho ku injini yakale ya boti. Chimazungulira, munthu nkukankhirapo chipika, chokha nkumaboola mpaka chipika chang'ambika. Chotchinga palibe. Pozimitsira palibe, amachita kuzula waya kumbuyo. Nsonga yake imalekeza pachifuwa pa Maite akaima. Ndinamuuza Baldomero zimenezi. Anati, "Za makina uzisiye, iwe uzidziwa za nkhono."

Lolemba lapitali m'mawa Erwin ankawaza atavala juzi ya ubweya wa nkhosa yomwe amayi ake anamulukira. Ine ndinali kukhitchini kusenda mbatatesi. Ndinamva kukuwa. Nditatuluka ndinapeza chitsulo chakola mkono wa juzi nkumaupota. Ubweya wa kwathu kuno suduka, inunso mukudziwa. Baldomero anali atapita kukayatsa fodya. Sindinadziwe waya wake, choncho ndinatola nkhwangwa nkumenya injini mpaka inazima. Baldomero atafika anayang'ana injini kaye nati, "Wandiwonongera kabuleta."

Mkono wa Erwin wathyoka patatu, zala ziwiri anamudula. Ndakhala naye kuchipatala ku Castro kuyambira tsiku limenelo. Maite ndinamusiya ndi apongozi. Adokotala atafunsa chomwe chinachitika ndinafotokoza zonse, ndi dzina la wopanga makina lomwe.

Lero ndabwera pa basi ya m'mawa. Injiniyo ndinaimva ndili kumsewu. Baldomero waikonza ndipo waitana dima kuti awaze nkhuni za mabanja onse oyandikana nafe. Pabwalo pali amuna asanu ndi mmodzi, nkhosa ili pamoto, chigubu cha mowa wa maapozi chafika kale pakati. Maite wavala juzi ya ubweya womwewo, manja a juziyo ngaatali, apongozi analuka yoti akule nayo. Ndamuona akutola tizidutswa ta nkhuni pansi pa makina nkumaika m'dengu. Palibe womuletsa.

Geti ndinalipeza lotseka. Apongozi anabwera nkuima mkati, kiyi ali m'thumba la epuloni. Anati, "Wakatiyalutsa kwa madokotala, lero ukufuna udzatiyalutsenso pamaso pa alendo? Upepese kaye kwa mlamu wako." Ndinati andipatse mwana yekha ndizipita. Anati, "Mwana ndi wa kwa Cárcamo. Tonse tinakulira pa nkhuni, sitinafe."

Ndinakwera mpanda. Baldomero anasiya makina akulira nkudzandikankha pachifuwa, ndinagwera chagada m'matope kunja. Bondo ndi ili, mulione. Anati, "Makina alibe mlandu. Mng'ono wangayo ndi wogona, ndipo wogona winanso ndiwe." Amuna awiri anaseka. Ena anayang'ana kumbali. Amene ndinawazindikira ndi Nolberto Ule ndi Ciro Bahamonde.

Ndinakuwira Maite kuti avule juzi abwere kugeti. Sanamve chifukwa cha phokoso la injini. Anangondibayibitsa nkupitiriza kutola.

Ndinaimitsa galimoto yonyamula mkaka ndipo yanditula pano papolisi. Dima silitha mpaka mdima, ndipo mowa akumwabe. Za kundikankha ndi za mkono wa Erwin mudzalemba tsiku lina, ndidzabwera, ndidzasaina paliponse. Panopa dzukani munthu mmodzi, mutenge chodulira loko. Ndi nyumba yachiwiri mukadutsa tchalitchi, ya malata obiriwira. Simusochera, injiniyo muimva muli patali. Chonde tiyeni tsopano lino.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi.

Wosaina: Yasna Millacura Barría