Mmene Chala cha Garland Purvis Chinadukira

Ine, Rhonda Faye Stuckey, wa zaka 43, ndimakhala ku Tull Creek m'chigawo cha Arkansas, m'kalavani ya kuseri kwa malo omwetsera mafuta. Mpaka dzulo ndinali wogulitsa mfuti komanso woyang'anira chipinda choyeseramo kuwombera pa sitolo ya Bambo Lyle Hutto. Wapolisi wandifunsa za sukulu. Ndinakhala zaka zitatu ku yunivesite ndikuphunzira mbiri yakale, ndinasiya sukuluyo mayi anga atadwala, ndipo sindinabwererekonso. N'chifukwa chake pa sitolo amanditcha Pulofesa. Satero pondilemekeza. Ndapempha kulemba ndekha umboniwu kuti wina asandifupikitsire mawu.

Loweruka lapitali, cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndinali pa kauntala ya mfuti za m'manja. Bambo Hutto anali mbali ina akugulitsa zipolopolo kwa alenje, popeza nyengo yosaka agwape yayandikira. Munalowa Mayi Opal Tisdale, a zaka 74, pamodzi ndi mkamwini wawo, Bambo Garland Purvis. Bambo Purvis ndimawadziwa. Amagulitsa mathirakitala, amasaka ndi Bambo Hutto, ndipo Lamlungu masana amaphunzitsa anthu kagwiridwe ka mfuti kuseri kwa nyumba yawo. Mayi Tisdale ndinali ndisanawaonepo.

Mayi Tisdale anati, "Mwana wanga, ndikufuna kamfuti kolowa m'thumba la epuloni. Ya malemu amuna anga ija ndi yaitali kuposa ine." Anafotokoza kuti amakhala okha pa famu, kutali ndi tauni, ndipo mwezi watha wina anathyola shedi yawo n'kuba jenereta iwo ali m'nyumba akumva.

Ndinatulutsa mfuti ziwiri zooneka mofanana, zonse zazifupi ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Ina ndi ya zipolopolo za 9mm, imene timangoti naini. Inayo ndi ya .380, ya zipolopolo zofupikirapo ndi zofookerapo, ndipo muno ndiziitcha yaing'ono. Ndinawauza zimene ndimauza aliyense. Naini imamenya mwamphamvu kumene yalunjika, koma imamenyanso dzanja la mwini wake, makamaka ikakhala yaifupi chotere. Yaing'ono mphamvu zake n'zochepa, koma sidumpha m'manja, ndipo chitsulo chake chapamwamba, chimene munthu amakokera m'mbuyo kuti chipolopolo chilowe mu mpope, n'chofewa.

Ndinayang'ana manja a Mayi Tisdale. Nyamakazi inawakhotetsa zala. Ndinawapatsa mfuti zonse ziwiri zilibe chipolopolo kuti akoke chitsulocho. Cha naini anachikoka mpaka pakati, chinawapulumuka. Cha yaing'ono anachifikitsa kumapeto ulendo woyamba.

Bambo Purvis anati, "Pulofesa, usawagulitse chidole apongozi anga. Kameneko ukawombera munthu wovala jekete lachikopa, amangocheuka n'kufunsa ngati wamuitana."

Ndinati, "Valani jekete tikayese."

Bambo Hutto anaseka kumene analiko, kenaka anandiponyera diso.

Bambo Purvis anatembenukira kwa apongozi awo. Mawu awa ndikuwakumbukira monga anayankhulidwira. Anati, "Amayi, tinagwirizana patebulo, Charlene ali pomwepo. Mfuti yeniyeni ndi naini. Mukaitha, khalani pa famu panu. Ikakukanikani, basi, tikatenge chipinda chija ku nyumba ya okalamba."

Mayi Tisdale anati, "Munagwirizana ndinu awiri. Ine ndinkatsuka mbale."

Charlene ndi mwana wa Mayi Tisdale, mkazi wa Bambo Purvis. Nyumba ya okalamba imene ankanenayo ndimaidziwa. Mayi anga anamwalirira momwemo.

Ndinati ayese zonse ziwiri asanasankhe. Tinalowa atatu m'chipinda choyeseramo, ndipo ndinawaika pa mpata wowomberera wachinayi. Munalibe munthu wina, chifukwa alenje amayesera mfuti zawo panja. Kamera ya m'chipindamo inafa mwezi wa Julaye. Ndinauza Bambo Hutto nthawi imeneyo, ndipo anati aona.

Malamulo a chipindacho analembedwa pakhoma ndi zilembo zofiira, ndipo ndinawawerenga mokweza tisanavale zotseka m'makutu. Pa thabwa la kutsogolo kwa wowombera pazikhala mfuti imodzi yokha. Mpope uziloza ku chandamale nthawi zonse. Mfuti ikakakamira, iikeni pansi, kwezani dzanja, ndipo woigwira ndi woyang'anira yekha. Ndikuwerenga, Bambo Purvis ankayang'ana foni yawo.

Ndinaimirira kumbuyo kwa Mayi Tisdale, cha kumanzere, poti ndikatambasula mkono ndiwakhudza. Bambo Purvis anaima kumanja kwawo, pafupi ndi thabwa. Chandamale ndinachiika pa mayadi asanu.

Tinayamba ndi yaing'ono. Mayi Tisdale anawombera kasanu. Zipolopolo zinayi zinalowa pakuda, chimodzi chinagwera pambali pang'ono. Anaika mfuti pansi n'kunena kuti, "Ha! Vernon akanaona zimenezi." Vernon ndi malemu amuna awo.

Bambo Purvis anati, "Pepala silikuthamangitsani, Amayi. Tiyeni ku mfuti tsopano."

Ndinachotsa yaing'ono n'kuitsekera m'bokosi, ndinasintha pepala la chandamale, ndipo ndinaika naini pa thabwa. Chipolopolo choyamba chinakweza mpope m'mwamba n'kukaboola m'mphepete mwa pepala. Mayi Tisdale anati, "Yandiluma." Ndinawafunsa ngati akufuna kulekera pomwepo. Anayang'ana mkamwini wawo n'kuti, "Ayi."

Atawombera kachiwiri mfuti inakakamira. Naini yaifupi imafuna mkono wolimba. Mkono ukagonja, chitsulo chapamwamba sichibwerera mokwanira, ndiye khoko la chipolopolo chowomberedwa kale limapanikizika pa khomo lake, litaimirira. Zimachitikira ngakhale anyamata amene amanyamula zitsulo. Si chizindikiro chakuti mutu wa munthu wasokonekera.

Mayi Tisdale anachita zimene zili pakhoma. Anaika mfuti pa thabwa, mpope utaloza kutsogolo. Anakweza dzanja lamanja. Kenaka analitsitsa n'kugwira mkono umenewo ndi dzanja lamanzere, akuusisita. Anabwerera m'mbuyo mpaka msana wawo unandigunda paphewa. Manja awo onse awiri ndinkawaona, ndipo munalibe kanthu.

Ndinati, "Isiyeni choncho, ndikubwera."

Bambo Purvis anali pafupi kuposa ine. Anati, "Zimenezi ndimaphunzitsa Lamlungu lililonse, Pulofesa." Anatola mfutiyo ndi dzanja lamanja, chala chamkombaphala chitalowa kale pa kachitsulo kowombera. Anaipendeketsa, mpope utaloza cha kumanzere. Anabweretsa dzanja lamanzere kuchokera kutsogolo kuti asese khokolo ndi m'mphepete mwa chikhatho, monga amachitira anthu ozolowera mfuti za mpope wautali. Mfuti iyi ndi yaifupi, ndipo chikhatho cha Bambo Purvis n'chachikulu. Pamene khoko linathothoka, chitsulo chinatseka n'kulowetsa chipolopolo china, mbali ya dzanja lawo ikadali pakamwa pa mpope.

Ndinakuwa kuti, "Chotsani chala!" Mawu anga ndi kulira kwa mfuti zinamveka pamodzi.

Chipolopolo chinadula chala chaching'ono cha dzanja lamanzere, chinaphwanya choyandikana nacho, ndipo chinakalowa m'khoma lolekanitsa mpata wachinayi ndi wachitatu. Bowolo likadalipo, ngati silinamatidwe. Bambo Purvis anagwetsera mfuti pa thabwa. Ndinaitola, ndinachotsa zipolopolo zonse, kenaka ndinawakhazika pansi, ndinakweza mkonowo ndi kupanikiza bala ndi nsalu za m'bokosi la mankhwala. Ndinatsegula chitseko ndi phazi n'kukuwa kuti aitane ambulansi. Mawu oyamba a Bambo Purvis anali otukwana, sindiwalemba. Sanatchule apongozi awo.

Bambo Hutto analowa ndi alenje awiri amene mayina awo sindiwadziwa. Mmodzi anavala chipewa cholembedwa dzina la sukulu ya mfuti ya Bambo Purvis. Bambo Purvis anayang'ana anthu atatuwo, makamaka wa chipewayo, n'kunena kuti, "Apongozi andiwombera. Ndimati ndiwalande, anali asanaisiye."

Mayi Tisdale anali akadavala zotseka m'makutu. Anazivula n'kufunsa kuti, "Akuti chiyani?"

Bambo Hutto anati, "Khalani pansi, mayi. Ndi ngozi, palibe amene akukudzudzulani."

Mayi Tisdale anayang'ana manja awo. Anati, "Ndinaisiya. Kodi sindinaisiye?"

Ndinati, "Munaisiya."

Bambo Hutto anati, "Iwe Pulofesa, gwira bala, zotiphunzitsazo ubwere nazo mawa."

Ambulansi inawatenga Bambo Purvis. Wapolisi amene anabwera analankhula ndi Bambo Hutto pakhomo ine ndili kuseri kusamba magazi, ndipo nditatuluka anali atanyamuka kupita kuchipatala. Charlene anabwera kudzatenga mayi ake. Sanalowe m'sitolo. Ndinamuona pawindo akuwatsegulira chitseko cha galimoto ndi kuwamanga lamba ngati mwana.

Potseka sitolo Bambo Hutto anandiitana. Anati, "Tamvera. Nkhalamba palibe amene angaimange. Adzangoti ngozi, n'kupita nayo kokapuma, kumene amayenera kupita kale. Koma zikamveka kuti Garland wadziwombera yekha, ndani adzapitenso kukaphunzira kwa iye? Ophunzira akewo amagula kuno. Iwe unkayang'ana chandamale."

Ndinati, "Ndinkayang'ana manja, bwana. Ndiyo ntchito imene munandilembera."

Anati, "Zaka zitatu ku yunivesite, koma kumva ayi."

Dzulo, Lolemba, Charlene anabwera ku sitolo. Anauza Bambo Hutto, ine ndikumva, kuti loya wawo akufuna anthu a pa sitolo atsimikize kuti mayi ake ndiwo anawombera, kuti khoti liwaike m'manja mwake ndipo famu igulitsidwe. Anati mayi ake akhala akuiwalaiwala, ndipo izi zangoonetsa poyera. Bambo Hutto anavomera. Anati inenso ndivomere. Ndinakana, ndipo ndinati zimene ndinaona ndikazinena ku polisi.

Charlene anati, "Chemwali, za m'banja mwathu zikukukhudzani pati? Mwamuna wanga ali m'chipatala alibe chala."

Ndinati, "Chalacho chili m'chipatala momwemo, ndinachitola ndine. Mukafunse madokotala za utsi wa mfuti umene uli pachikhatho chawo."

Bambo Hutto anati ndikapita ku polisi ndisadzapondenso pa sitolo yawo. Ndinavula epuloni, ndinaika makiyi pa kauntala, ndinatuluka. Ndagwirapo zaka khumi ndi chimodzi.

Lero m'mawa Mayi Tisdale anabwera ku kalavani yanga, akuyendetsa okha galimoto ya malemu amuna awo. Anati anafunsira njira pa malo omwetsera mafuta. Anati makiyi a galimotoyo anawabisa m'chitini cha ufa Charlene asanawapeze. Sanafune kulowa. Anaima pakhomo n'kuti, "Mwana wanga, undiuzenso zimene unaona. Pang'onopang'ono. Masiku atatu ano aliyense akundiuza zina, mpaka ndayamba kuiona mfutiyo m'manja mwanga."

Ndinawauza zimene ndalemba pamwambapa, mwa ndondomeko yomweyi. Nditafika pamene msana wawo unandigunda paphewa, anandiimitsa.

Anati, "Unali ndi fungo la khofi."

Ndinati, "Ananditayikira pamalaya m'mawa."

Anati, "Ndiye ndinali kumbuyo. Mutu wanga uli bwino."

Ndinati, "Uli bwino."

Sindinawauze zoti akanene. Wapolisi wandifunsa ngati ndili ndi chifukwa ndi Bambo Purvis kapena Bambo Hutto. Bambo Purvis akhala akunditcha Pulofesa kwa zaka zambiri, ndipo Bambo Hutto andichotsa ntchito. Zimenezo sizisuntha bowo limene lili pakhoma, kumanzere, kumene munthu woima kumbuyo sangawombere. Ndasiya kwa wapolisi pepala la chandamale la Mayi Tisdale, la mabowo asanu, ndi khoko limene Bambo Purvis ankasesa.

Wandifunsanso, ndikuganiza kuti akudzifunsira iye mwini, kuti pa mfuti ziwirizo yabwino ndi iti. Ndamuuza kuti abwere ndi manja ake ndiwaone.

Mayi Tisdale ndiwo andibweretsa kuno. Ali panja m'galimoto, akudikira kuti nawo apereke umboni wawo. Akuti tikamaliza ndiwaperekeze ku sitolo ya m'tauni ina akagule yaing'ono ija, chifukwa kwa Hutto sadzagulakonso ngakhale msomali.

Zimene ndinaona ndi kumva ndi zomwezi. Zina sindikuzidziwa.

Wosaina: Rhonda F. Stuckey