Chithunzi Chimene Alamu Anachedwa Nacho

Malemu amene tabwera kudzawaperekezawa anabadwa pa 14 Malichi chaka cha 1956, ndipo anali achiwiri m'banja la ana asanu. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mlongo wawo, mzime wa m'banjamo. Abale andituma chifukwa akuti ndili ndi mawu okweza, koma akandithawa panjira mundikhululukire. Ambiri a inu mumawadziwa malemu ndi dzina loti Mayi Pensulo. Dzinali silinachokere kwa makolo. Mbiri iyi ikufotokoza mmene linabwerera, komanso ikunena za chithunzi chimodzi chimene malemu anachidikira zaka makumi anayi ndi zinayi kuchokera kwa amuna awo, alamu anga, amene akhala kutsogoloku atawerama.

Malemu anayamba sukulu mu 1963. Masamu ankakhoza, kuwerenga ankakhoza, koma aphunzitsi ankatopa ndi mafunso awo. Ankafuna kudziwa chifukwa chake mthunzi wa m'mawa umatalika kuposa mwini wake, ndiponso chifukwa chake munthu akamanama diso limodzi limachepa. Akawakalipira, yankho linali limodzi, loti safunsa anadya phula. Kunyumba makoma a kukhitchini sankakhala oyera sabata yathunthu, chifukwa makala onse ogwa pansi ankathera pojambula nkhuku ndi alendo. Mu 1968 anajambula aphunzitsi aakulu kuseri kwa kope la masamu. Aphunzitsiwo anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, nati, "Mimba yanga si yotere," ndipo analanda kopelo. Patapita zaka, malemu anakapeza tsamba lomwelo litapachikidwa pakhoma la pabalaza kwa aphunzitsi aja.

Mu 1973 bambo athu anamwalira, ndipo malemu analekeza sukulu ya sekondale kuti ife aang'ono tipitirize. Zimenezi sanatikumbutsepo ngakhale tsiku limodzi, n'chifukwa chake ndazinena lero. Pa 2 Juni 1975 anayamba ntchito pachipatala, pawindo lolembera makadi a odwala. Anzawo ankati ntchitoyi ndi yotopetsa, koma kwa malemu linali dalitso, chifukwa nkhope zinkabwera zokha pamzere, zopitirira zana pa tsiku, ndipo palibe imene inkafanana ndi inzake. Makadi olembedwa molakwika sankawataya. Mzere ukatha, ankawatembenuza n'kujambula amene wawatsalira m'maso tsikulo. Dzina lija linachokera pamenepo, poti pensulo inkakhala m'tsitsi mwawo kuyambira m'mawa mpaka kuweruka.

Malemu anali ndi lamulo limene aliyense wa m'dera lathu analidziwa. Chithunzi chawo sichinkagulitsidwa, komanso sichinkapita chaulere. Akakujambula n'kukupatsa, nawenso unkayenera kujambula kanthu kalikonse kamene umakaona tsiku ndi tsiku n'kuwabweretsera. Ukati sudziwa kujambula, ankati, "Sindinafunse ngati mumadziwa. Mmene ine ndimaonera ndikudziwa kale. Ndikufuna ndione mmene inuyo mumaonera." Zonse zimene ankalandira ankaziika m'sutikesi yachitsulo pansi pa bedi, kuseri kwake atalemba tsiku ndi ntchito ya mwini chithunzi. Dzana tinatsegula sutikesiyo ndipo tinawerenga zithunzi 612. Muli galu wa miyendo isanu, muli njinga yopanda tcheni, muli apongozi a munthu wina amene sindimutchula pano.

Mu Ogasiti 1980 pawindo paja panafika mnyamata wowotcherera zitsulo, diso limodzi litatupa chifukwa cha kuwala kwa moto wa ntchito yake. Malemu anamulembera khadi, ndipo pamene ankatuluka kwa adokotala ndi bandeji kumaso, anapeza chithunzi chake chikumudikira. Anamuuza lamulo lija, koma kwa iyeyu anawonjezera mawu. Anati, "Inuyo musandijambulire galu kapena njinga. Mujambule ineyo." Mnyamatayo anakanda pamutu n'kunena kuti abweretsa Loweruka. Loweruka anabweradi, atavala malaya ositidwa bwino, koma chimanjamanja. Loweruka lotsatira chimodzimodzi. Pa 12 Seputembala 1981 anamanga banja, chithunzi chisanabwerebe. Amayi athu atadandaula kuti mwana wawo azikakhalira kuphethira ndi moto wa m'shedi, malemu anaseka nati wakwata kwa mphezi saopa kung'anima.

Mulungu anawadalitsa ndi ana anayi, oyamba mu 1982, otsiriza mu 1991. Alamu anawamangira malemu chilichonse chimene chitsulo chingathe: bedi, geti, poyanikira zovala, ngakhale choimikira mapepala chokhala ndi miyendo itatu. Penti wotsala m'zitini za mageti ankamusungira akazi awo, n'chifukwa chake pazithunzi zambiri za malemu mitambo ndi yobiriwira ndipo agalu ndi ofiira ngati denga. Koma pensulo alamu sankaikhudza. Chaka chilichonse, tsiku lokumbukira ukwati wawo, malemu ankaika pepala loyera ndi pensulo yosongoledwa pafupi ndi kapu ya tiyi ya amuna awo. Alamu ankamwa tiyi, n'kusuntha pepalalo mwaulemu kuti lisade, nati, "Loweruka, amayi." M'banja mwathu mawuwa anasanduka nthabwala. Mwana akatumidwa kutsuka mbale ankayankha kuti Loweruka, ndipo aliyense ankadziwa kuti mbalezo zigona.

Ife tinkaseka, koma malemu nkhaniyi inkawadya mumtima. Tsiku lina anandiuza kuti, "Achimwene, ndikudziwa mmene wometa amaonera mpando wake, ndikudziwa mmene dalaivala amaonera msewu. Koma munthu amene ndimadzuka naye m'mawa uliwonse, sindidziwa kuti akandiyang'ana amaona chiyani." Ndinapita kushedi kukawafunsa alamu kuti vuto ndi chiyani. Anazimitsa makina, anavula magalasi akuda aja, ndipo anandiululira kuti anayesapo kangapo koma mapepala onse anathera pamoto. Anati, "Alamu, geti ndikalilakwitsa ndimadula n'kuyambiranso. Nanga nkhope ya akazi ako ukailakwitsa, umakagona kuti?"

Mu 1996 malemu anayambitsa kagulu kojambula pakhonde la nyumba yawo, Loweruka lililonse masana. Munali wometa, wogulitsa nyama, anamwino awiri, dalaivala wa ambulansi ndi aphunzitsi ena opuma ntchito. Palibe anaphunzira zojambula kusukulu. Ankaika chinthu pakati, kaya ketulo, kaya nsapato yakutha, aliyense n'kujambula, kenako n'kupatsirana mapepala. Malemu sankanena kuti chakuti ndi choipa. Ankachitembenuza uku ndi uku n'kufunsa kuti, "Kodi apa munaona chiyani chimene ine sindinaone?" Wogulitsa nyama anajambulapo akazi ake ndi mapewa a ng'ombe, ndipo malemu anatha theka la ola akumufunsa za mapewawo mpaka mwini wake anayamba kuwanyadira. Ankakonda kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi yonseyi alamu ankakhala kushedi, pamtunda woti munthu akakhosomola amamveka, ndipo phokoso la nyundo linkakula kwambiri tsiku limenelo.

Malemu anapuma pa ntchito mu 2011, atakhala pawindo lija zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Mu 2016 anawapeza ndi matenda a shuga. Mankhwala ankamwa mokhulupirika, ndipo madokotala ankatuluka thukuta ndi mafunso awo. Mu 2022 maso anayamba kuchita nkhungu. Anasiya pensulo n'kuyamba burashi yaikulu, kenako anasiya nkhope n'kumajambula mitengo ndi zitseko. Ngakhale matendawo ankawachititsa chidwi. Ankatiuza kuti mtundu wachikasu ndi umene ukukana kuchoka, ndipo ankafuna kudziwa chifukwa chake. Pa 20 Ogasiti 2024 adokotala anatiuza mosabisa kuti maso aja sadzabwereranso.

Pa 12 Seputembala chaka chomwecho, kwa nthawi yoyamba, pafupi ndi kapu ya alamu panalibe pepala. Malemu anati, "Bambo a ana, Loweruka lija lisakuvuteninso. Ngakhale mutajambula, ine ndionera chiyani?" Ananena mofatsa, popanda mkwiyo, ndipo n'zimene zinawapweteka kwambiri alamu. Alamuwo anabwera kwathu masana a tsikulo. Munthu amene ndamudziwa zaka zoposa makumi anayi, amene amagwira chitsulo chotentha n'kungopukusa dzanja, analira pamaso panga ngati mwana. Anati, "Alamu, ndachedwa." Ndipo zinali zoona.

Mu Novembala alamu anadzitsekera m'shedi masiku atatu, kumangotuluka nthawi ya chakudya. Malemu anali oyamba kudabwa. Anafunsa mwana wawo wamkazi kuti, "Kodi kushedi kuli zii bwanji? Bambo ako akudwala?" Tsiku lachitatu, lomwe linali pa 16 Novembala, gulu lija litakhala pakhonde ndipo ine ndili pomwepo, alamu anatulukira atanyamula kanthu kokulunga m'nsalu. Anadutsa pakati pathu osapereka moni kwa aliyense, anagwada, n'kukaika pamiyendo pa akazi awo. Linali Loweruka.

Inali nkhope yopangidwa ndi waya, waya wamba womangira mipanda, wopindidwa ndi chopanira, nsonga zake zonse zitapalidwa kuti zisabaye. Malemu anayamba kuyendetsa zala, kuyambira pamphumi, kutsikira m'masaya. Atafika pakati anaima.

"Mphuno iyi ndi ya ndani?"

"Ndi yanu, amayi."

"Zaka zonsezi ndakhala ndikuyenda ndi mphuno yotere inu osandiuza?"

Alamu thukuta linali chuchuchu. Zala zinatsika mpaka pakamwa, ndipo pakona ya milomo zinapeza kawaya kopindika, kotulukira kunja.

"Nanga aka n'chiyani? Waya anatsala?"

"Ayi, amayi, ndi lilime. Mukamajambula mumalitulutsa. Munalitulutsanso tsiku lija pawindo, ndinkakuonani ndi diso limodzi ndili pabenchi."

Malemu anatembenukira kwa ife n'kufunsa ngati zinali zoona. Wometa anavomera, anamwino anavomera, ana anavomera, inenso ndinavomera, poti ndinkaliona lilimelo kuyambira ndili wakhanda. Munthu amene anaona kachipsera kalikonse ndi khwinya lililonse pankhope za anthu mazanamazana, sankadziwa zimenezi za nkhope yake. Anaseka mpaka kutsamwa, tinachita kuwathamangira ndi madzi. Atapuma, anabwezanso chala pakawaya kaja, misozi ikutsika, nati, "Kani mumandiyang'ana, bambo a ana." Alamu anayankha kuti, "Tsiku lililonse."

Kuchokera tsiku limenelo nkhope ya waya sinalowe m'sutikesi. Inkakhala pamiyendo pawo masana, ndipo mlendo aliyense ankauzidwa kuti atseke maso ayambe waipapasa asanapatsidwe mpando. Mu Meyi chaka chino impso zinayamba kuvuta, ndipo anagonekedwa m'chipatala chomwe anagwirako ntchito. Malemu anatisiya Lolemba pa 9 Juni 2025, cha m'ma 10 koloko m'mawa, ali ndi zaka 69, amuna awo ndi ana ali pambali.

Malemu asiya amuna awo, ana anayi, aamuna awiri ndi aakazi awiri, adzukulu asanu ndi anayi, ndiponso ife abale awo awiri, ine ndi achemwali athu aakulu. M'malo mwa banja, ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira komanso kupirira mafunso awo mpaka tsiku lomaliza. Ndikuthokoza ampingo, anzawo a pantchito, ndi oyandikana nawo nyumba amene akhala nafe kuyambira Lolemba. Mwapadera ndikuthokoza a gulu la pakhonde, amene miyezi yonse ya mdima ankabwerabe kudzawafotokozera ndi pakamwa zimene ajambula. Amene muli ndi chithunzi chanu m'sutikesi muja ndinu omasuka kudzachiona, koma ana apempha kuti zonse zikhale pamodzi monga anazisiyira mayi awo.

Chimodzi chokha sichidzapezeka. Malemu anapempha kuti nkhope ya waya apite nayo, ndipo ili m'manja mwawo m'bokosi lili patsogolo pathuli. Dzulo ana anawafunsa bambo awo ngati sangafune kuisunga kuti izidzawakumbutsa. Alamu anapukusa mutu nati, "Anaidikira nthawi yaitali, ndi yawo. Ine ndikawasowa ndikapinda ina, manja aidziwa tsopano."

Achemwali, pitani bwino. Mzimu wanu uuse mumtendere wosatha.